Nazale ndi Ntchito Yake m'Munda Wosungira Zomera: Zitsanzo za ku Munda Wanga ndi ku Kabanana

1.0 Mawu Oyamba

Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kummwera kwa mzinda wa Lusaka, m'dera la Chilanga, m'mbali mwa msewu wopita ku Kafue, pali munda wotchuka wotchedwa Munda Wanga. Mundawu anauyambitsa ndi Ralph Sander, amene ankagwira ntchito m'boma la atsamunda, m'zaka za m'ma 1950, ndipo anasonkhanitsamo zomera za kuno kwathu ndi za kumayiko akutali. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 munda unalowa m'manja mwa boma la Zambia, ndipo pambuyo pake anawonjezeramo malo osungira nyama zakuthengo. Patadutsa zaka zambiri za kuperewera kwa ndalama, zimene zinafooketsa malowa, bungwe la Munda Wanga Trust linayamba kuwakonzanso mu 1998.

Mbiri yaifupiyi ikudzutsa funso limene nkhani ino ikufuna kuyankha: kodi munda wotere umapitirira bwanji kukhalapo mwini wake atapita, ndiponso mitengo imene iye anabzala itakalamba n'kugwa? Yankho lathu ndi lakuti umapitirira kudzera mu nazale, kachigawo kamene kamakhala kuseri kwa mpanda ndipo alendo sakaona kawirikawiri. Tionetsa kuti nazale imasunga zinthu ziwiri pamodzi, ndizo moyo wa chomera ndi mbiri ya chomeracho, kuphatikizapo dzina lake. Popeza dzina ndi nkhani ya chinenero, tiunikanso mawu a Chinyanja ogwiritsidwa ntchito pa nazale. Pomaliza tiyerekeza nazale ya munda wotere ndi nazale zing'onozing'ono za anthu wamba m'komboni ya Kabanana.

2.0 Munda Wosungira Zomera

Chinyanja chilibe liwu limodzi lokhazikika lotchulira malo onga Munda Wanga. Ambiri amangoti munda wa maluwa, koma dzinali limasocheretsa, pakuti munda wa maluwa cholinga chake ndi kukongoletsa malo basi. Bungwe la Botanic Gardens Conservation International, limene linakhazikitsidwa mu 1987 kuti ligwirizanitse minda yotere pa dziko lonse, limatsindika za kalembera. Malinga ndi bungweli, munda uyenera kusunga zomera zamoyo zimene mbiri yake inalembedwa, ndipo uzisunge kaamba ka kafukufuku, kuteteza mitundu ya zomera kuti isathe, kuonetsa anthu ndi kuphunzitsa. M'nkhani ino tigwiritsa ntchito mawu akuti munda wosungira zomera. Minda yotere inayamba kale: wa ku Padua m'dziko la Italy mu 1545, wa ku Kew ku England mu 1759, wa ku Durban mu 1849, ndipo wa ku Zomba anauyambitsa ndi Alexander Whyte mu 1891.

Akatswiri amasunga zomera m'njira zitatu. Yoyamba ndi kuumitsa nthambi, masamba ndi maluwa n'kuzimata pa mapepala olimba, monga zimachitikira ku Yunivesite ya Zambia ndi ku Mount Makulu. Yachiwiri ndi kuumitsa mbewu n'kuziika m'malo ozizira kwambiri, monga amachitira ku SADC Plant Genetic Resources Centre ku Chalimbana. Yachitatu ndi kusunga chomera chenichenicho chili moyo. Njira ziwiri zoyambazo tingaziyerekeze ndi nkhokwe, mmene munthu amaikamo chinthu, namata bwino, nadzachipeza. Njira yachitatu ikufanana ndi khola. Ziweto zimakalamba, zimadwala ndipo zimafa, kotero khola limene mulibe ana a ng'ombe latha kale, ngakhale ng'ombe zazikulu zikuonekamo. N'chimodzimodzinso ndi munda. Mtengo umagwa ndi mphepo, umadyedwa ndi chiswe, umauma ndi chilala chonga cha 1992 kapena cha 2024. Mu 2005 P. S. M. Phiri wa ku Yunivesite ya Zambia anafalitsa mndandanda wa zomera za m'dziko muno wokhala ndi mitundu yoposa 6,000. Palibe munda umene ungasunge yonseyo, koma iyo imene munda wasankha kusunga iyenera kukhala ndi yolowa m'malo mwake, ndipo yolowa m'maloyo imaleredwa pa nazale.

3.0 Mawu a Ntchito ya pa Nazale

Liwu lakuti nazale ndi lobwereka kuchokera ku liwu la Chingerezi lakuti nursery, ndipo ndi lodziwika kwambiri pakati pa alimi a fodya ndi alimi a m'madimba. Komabe, ngakhale dzina la malo ndi lobwereka, mawu ambiri a ntchito yochitika pamalopo ndi athuathu. Izi zikusonyeza kuti luso lolera zomera linalipo pakati pathu dzinali lisanafike. Taonani mayina awa:

(1) a. mbewu: chilichonse chobzalidwa, komanso mtundu wa chomera
b. njere kapena nthanga: kambewu kochokera m'chipatso
c. mmera: chomera chongotuluka kumene m'nthaka
d. mbande: chomera chaching'ono choleredwa kuti chikaokedwe pamalo pena
e. mphukira: nthambi yatsopano yotuluka pa chitsa kapena pa muzu

Kusiyana kwa mmera ndi mbande n'kofunika. Mmera umakulira pamene wamera, pomwe mbande imayembekezera ulendo. Motero liwu limodzi lokha lakuti mbande likufotokoza kale ntchito ya nazale.

Aneni nawonso ali ndi phunziro lawo, monga tikuonera apa:

(2) a. kuthira, kuthirira
b. kupala, kupalira
c. kudula, kudulira
d. kupatula, kupatulira
e. kuoka, kuokera

Mneni wachiwiri pa mzere uliwonse ali mu msintho womchitira, wa -ir- kapena -er-, ndipo ndi iyeyo amene mlimi amagwiritsa ntchito ponena za chisamaliro. Wodula mtengo amauwononga, koma wodulira mtengo amauthandiza kukula bwino. Wophunzitsa ntchito ya nazale m'Chinyanja ayenera kusamala ndi kusiyana kumeneku, pakuti kuiwala phatikizo limodzi kukhoza kusintha langizo lonse.

Mneni wina wofunika kumuunika ndi kumezanitsa, kutanthauza kulumikiza kanthambi ka mtengo wina pa tsinde la mtengo unzake kuti zikule ngati mtengo umodzi. Poyang'ana msanga munthu angaganize kuti mneniyu akuchokera ku kumeza kwa chakudya. Ife tikuganiza kuti akuchokera ku kumera. Chinyanja chili ndi njira yakale yopangira msintho womchititsa posintha r kukhala z, monga kukwera ndi kukweza, kubwera ndi kubweza, kulira ndi kuliza. Potsata njirayi, kumera kumapereka -mez-, ndipo tikawonjezera -an- wa msintho wochitirana ndi -its- wa msintho womchititsa, timapeza tanthauzo lakuti kuchititsa ziwiri kumerera pamodzi. Tanthauzoli likugwirizana ndendende ndi zimene zimachitika pa bala la mtengo womezanitsidwa.

4.0 Ntchito za Nazale

4.1 Kulandira ndi kulemba

Chomera chilichonse cholowa m'munda wosungira zomera, kaya chabwera ngati njere, kanthambi kodula kapena mbande, chimafikira pa nazale. Pamenepo chimapatsidwa nambala yakeyake, imene m'minda yambiri imayamba ndi chaka chimene chalandiridwa. Mwachitsanzo, phukusi lachisanu ndi chiwiri la njere zolandiridwa m'chaka cha 2019 likhoza kulembedwa 2019-007. M'buku kapena mu kompyuta amalembamo dzina la wotola, tsiku, mudzi ndi boma lake, mtundu wa dothi, mitengo ina yomera pafupi, ndi dzina limene eni dera amatchulira chomeracho. Kachikwangwani kokhala ndi nambalayi kamatsata chomera kuchokera pa bedi lofeserapo kupita mu chubu, mpaka pa dzenje lake m'munda. Kakatayika, mtengo umakhalabe wokongola ndi wopatsa mthunzi, koma wofufuza sangathenso kunena kumene unachokera, ndipo njere zake sizingagwiritsidwe ntchito molimba mtima pobwezeretsa nkhalango ya dera lililonse. Kalembera ameneyu alinso ndi mbali ya malamulo. Pangano la mayiko la ku Rio de Janeiro la 1992 loteteza zamoyo, ndi la ku Nagoya la 2010, amafuna kuti zomera zotengedwa m'dziko lina zitengedwe ndi chilolezo cha eni ake.

Chomera chachilendo chimayamba chasungidwa pachokha kwa kanthawi, kuti aone ngati chabwera ndi matenda kapena tizilombo, ndiponso ngati icho chomwe chingafalikire n'kusanduka mliri. Dziko lino likudziwa kuwawa kwa nkhani imeneyi. Lantana, amene wadzaza m'tchire zambiri, ndi namasupuni, amene wakhala akutseka madzi mu mtsinje wa Kafue, kwawo ndi ku America, ndipo onse awiri anafalitsidwa pa dziko ngati maluwa okongoletsa.

4.2 Kumeretsa njere

Ntchito yovuta kwambiri pa nazale ndi kudziwa zimene njere ya mtundu uliwonse imafuna kuti imere. Mu 1973 katswiri wa ku England, E. H. Roberts, anagawa njere m'magulu awiri. Za gulu loyamba zimalola kuumitsidwa ndi kusungidwa m'malo ozizira kwa zaka zambiri, monga chimanga ndi nyemba. Za gulu lachiwiri zimafa zikauma. M'gulu lachiwirili muli mango, mapeyala ndi masuku. Njere ya msuku ikachotsedwa m'chipatso imataya mphamvu yomera m'masabata ochepa, motero iyenera kufesedwa msanga, m'nyengo yomwe masuku akupsa, kumayambiriro a dzinja. Mitengo yotere singadalire nkhokwe yozizira ya mbewu, ndipo njira yodalirika yoisungira ndi kuilera ili moyo, m'badwo ndi m'badwo.

Njere zina vuto lake ndi khungu louma lokana madzi. Zotere ndi za msangu ndi za mlambe. Kuthengo khunguli limafewa njere ikadutsa m'mimba mwa njovu kapena ng'ombe. Pa nazale amalipala pang'ono ndi mpeni kapena tupa, kapena amathira madzi otentha pa njere n'kuzisiya zinyowe usiku wonse. Mlombwa uli ndi khalidwe linanso. Njere yake imabisala m'chikhokhombe chozungulira chokhala ndi minga pakati, ndipo imamera movutikira. Ikamera, mmera umauma pamwamba chilimwe chilichonse n'kuphukanso mvula ikagwa, kwa zaka zingapo, pamene muzu ukukula pansi. Emmanuel Chidumayo, amene anafalitsa buku lake la Miombo Ecology and Management mu 1997, anafufuza kwambiri kakulidwe ka mitengo ya m'nkhalango za miombo, imene ikakhala yaing'ono imaika mphamvu zambiri ku mizu kusiyana ndi ku nthambi. Wantchito wosadziwa zimenezi amataya chubu poganiza kuti mbande yafa, pamene ili moyo.

Palinso nkhani ya dothi. Nthawi zambiri machubu amadzazidwa ndi dothi la pamwamba losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owola bwino. Koma mombo, tsamba ndi msuku ndi mitengo imene mizu yake imakhalira limodzi ndi ulusi wa bowa wa m'nthaka. Ulusiwo umathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi michere, ndipo mtengo umaupatsa chakudya. Bowa wa tente, wogulitsidwa m'mbali mwa misewu nthawi ya dzinja, ndi chipatso cha ubale umenewu. N'chifukwa chake olera misuku amatapa dothi pang'ono pansi pa msuku waukulu n'kulisakaniza m'machubu. Madzi nawonso ayenera kuyang'aniridwa. Chilanga ndi mbali yaikulu ya Lusaka zili pa miyala ya laimu, ndipo madzi a m'mijigo yambiri amakhala ndi laimu, pamene mitengo ya miombo inazolowera dothi la asidi pang'ono. Kuthirira mopitiriza muyeso kumabweretsanso matenda oletsa tsinde la mmera, amene amatha kugwetsa bedi lonse m'masiku ochepa.

4.3 Kuchulukitsa popanda njere

Pamene njere zavuta, nazale imachulukitsa chomera podula nthambi, pogawa mizu kapena pomezanitsa. Mlimi aliyense amadziwa kuti chinangwa ndi nkhadze zimaphuka pa nthambi yozika m'nthaka. Mkuyu, kachere ndi mlombwa nazonso zimatha kuphuka pa mzati wauwisi. Pa msuku, kumezanitsa kuli ndi phindu lapadera. Misuku ilipo yaimuna ndi yaikazi, ndipo mbande yochokera ku njere sidziwika kuti ndi iti kufikira itachita maluwa, patapita zaka khumi kapena kuposerapo. Ofufuza a bungwe la ICRAF ku Makoka pafupi ndi Zomba ndi ku Msekera pafupi ndi Chipata, amene anayamba kuweta zipatso zakuthengo m'zaka za m'ma 1990, anaonetsa kuti kanthambi ka msuku waukazi wa zipatso zokoma kakamezanitsidwa pa mbande, mtengo umabereka m'zaka zochepa chabe.

Komabe njirazi zili ndi malire ake. Mitengo zana yochokera ku nthambi za mtengo umodzi ndi mtengo womwewo wobwerezedwa, ndipo matenda amene angaphe umodzi angaphe yonse. Chitsanzo chodziwika ndi chomera chooneka ngati kanjedza chotchedwa Encephalartos woodii. John Medley Wood wa ku munda wa ku Durban anapeza chomera chimodzi chokha chachimuna m'nkhalango ya Ngoye ku Zululand mu 1895, ndipo chachikazi sichinapezekepo. Zomera zonse za mtunduwu zimene zili m'minda ya pa dziko lero zinachokera ku chomera chomwecho. Nazale zinapulumutsa chomerachi, koma sichingathe kubereka njere zakezake. Pa chifukwa chimenechi munda wosamala umatola njere kuchokera ku mitengo yambiri yotalikirana, ndipo umalemba za kholo lililonse palokha.

4.4 Kukhwimitsa ndi kuokera

Mbande yokulira pa mthunzi, yomwa madzi m'mawa ndi madzulo, singapirire dzuwa la mwezi wa Okutobala. Motero kutatsala masabata angapo kuti iokeredwe, amaichepetsera mthunzi ndi madzi pang'onopang'ono kuti ikhwime. Machubu amasunthidwa kawirikawiri ndipo mizu yoboola pansi imadulidwa, kuti mbande isazike pa nazale. Siyeneranso kukhalitsa mu chubu, pakuti muzu waukulu ukapindika n'kuzungulira mkati, mtengo umakula ndi chilema chobisika ndipo umadzazuka ndi mphepo patapita zaka. Apa mwambi wakuti mmera mpoyamba ukunena zoona zenizeni. M'dera la Lusaka mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, motero nthawi yabwino yookera ndi Disembala, nthaka itakhuta madzi, kuti mizu igwire chilimwe chisanafike.

Ntchito yonseyi imatsata dongosolo loyang'ana kutsogolo. Woyang'anira munda amayendera zomera zake ndi buku m'manja, nalemba zokalamba, zodwala ndi zimene zatsala chimodzi chokha. Mndandanda umenewu ndiwo umauza a pa nazale zoti afese chaka chino. Mtengo wa mbawa wofunika kulowa m'malo mwa unzake zaka makumi awiri zikubwerazo uyenera kufesedwa lero. Mbande zotsala amazitumiza ku minda ina, kuti moto kapena chilala cha pamalo amodzi chisathetse mtundu wonse, ndipo zina amagulitsa kuti munda upeze ndalama.

4.5 Kubwezera kuthengo

Nazale imatumikiranso nkhalango zakunja kwa mpanda. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, Widdringtonia whytei, unatchulidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi mu 1984, koma kudula mosaloledwa ndi moto zinautha, kotero kuti kalembera wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Kuyambira mu 2016 mabungwe a Botanic Gardens Conservation International, Mulanje Mountain Conservation Trust ndi Forestry Research Institute of Malawi anathandiza anthu a m'midzi yozungulira phirilo kukhazikitsa nazale khumi, ndipo mbande zoposa 500,000 zinabzalidwa pa phiri.

Kuno ku Zambia chitsanzo ndi chikanda, chimene ku Malawi amati chinaka. Chakudyachi chimapangidwa kuchokera ku timbatata ta maluwa akuthengo a m'gulu la orchid, monga Disa, Satyrium ndi Habenaria, ndipo kukula kwa malonda ake m'mizinda kwachititsa kuti timbatata tizibwera ngakhale kuchokera kumapiri a kummwera kwa Tanzania. Wokumba kambatata amapha chomera chonse. Njere za maluwawa ndi zazing'ono ngati fumbi, zilibe chakudya chosungira mkati, ndipo kuthengo sizimera popanda ulusi wa bowa. Mu 2016 munda wa ku Kew ndi Yunivesite ya Copperbelt ku Kitwe anayamba ntchito yophunzira kameredwe kake m'mabotolo, ndi cholinga chakuti tsiku lina chikanda chizilimidwa.

5.0 Dzina pa Chikwangwani

Tanena kuti nazale imasunga mbiri ya chomera. Tsopano tione vuto la dzina, limene likutikhudza ife a zinenero. Mtengo umodzi umakhala ndi mayina ambiri, ndipo dzina limodzi limaimira mitengo ingapo:

(3) a. Pterocarpus angolensis: mlombwa m'Chinyanja, mulombwa m'Chibemba, mukwa m'Chilozi ndi pa malonda a matabwa
b. Parinari curatellifolia: muula ku Malawi, mupundu m'Chibemba, mubula m'Chilozi
c. mtondo kapena mutondo: Julbernardia paniculata m'nkhalango za miombo za kumtunda, koma Cordyla africana m'zigwa za Luangwa ndi Shire

Chitsanzo cha (3c) chikuonetsa ngozi yeniyeni. Wotumidwa kukatola njere za mtondo akhoza kubwera ndi njere zouma za m'chikhokhombe, kapena ndi nthanga za chipatso chodyedwa chofanana ndi mango aang'ono, ndipo njere ziwirizi sizifesedwa mofanana. Mu mzinda wonga Lusaka, mmene Chinyanja chimakhalira limodzi ndi Chibemba, Chitonga, Chisoli ndi Chilenje, kusokonezeka kotere n'kosavuta.

Mayina a Chilatini nawonso amasintha. Msangu unkatchedwa Acacia albida koma tsopano ndi Faidherbia albida, ndipo mthethe, umene unali Acacia polyacantha, mabuku ambiri atsopano amaulemba Senegalia polyacantha. Chokhacho chimene sichisintha ndi nambala yopatsidwa pa nazale, pamodzi ndi malo amene njere inatoledwa. Nambalayo ndiyo imamangirira pamodzi dzina la Chilatini, dzina la Chinyanja ndi mtengo weniweni woima m'munda. Ntchito yosonkhanitsa mayina a makolo inayambika kale, monga m'mndandanda wa D. B. Fanshawe wa 1965 wa mitengo ya m'Zambia ndi m'buku la Blodwen Binns la 1972 la mayina a zomera za m'Malawi. Koma dzina la m'buku lilibe mtengo woti mwana aukhudze ndi kuununkhiza. Munda wosungira zomera ndiwo ungapereke mtengowo.

6.0 Nazale za ku Kabanana

Kabanana ili kumpoto kwa Lusaka, pafupi ndi makomboni a Chipata ndi Chazanga. M'kamangidwe kake dzinali lili ndi phatikizo lochepetsa la ka- ndi liwu lobwereka lakuti banana, limene m'Chinyanja cha kumudzi ndi nthochi. Monga m'makomboni ena a Matero, George, Chawama ndi Mtendere, kuno kuli anthu olera mbande kuseri kwa nyumba, zina zobzala okha, zina zogulitsa m'mbali mwa msewu. M'malo mwa machubu ogula amagwiritsa ntchito mabotolo a maheu odulidwa pakati, mapaketi a shuga, zitini ndi matumba a simenti. Ambiri amadziwa kufesa, kupatulira, kudulira ndi kukhwimitsa mbande, ndipo ena amamezanitsa mango ndi malalanje mwaluso. Pa ntchito ya manja, kusiyana kwawo ndi wantchito wa m'munda wosungira zomera n'kochepa.

Kusiyana kuli pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi mitundu ya zomera. Zoleredwa kwambiri ndi mango, mapeyala amene anthu a m'Lusaka amati kotapela, magwafa, mapapaya, mandimu ndi mitengo ya mpanda, ndipo pafupifupi zonsezi kwawo ndi kunja kwa Africa. Zifukwa zake n'zomveka. Wogula amafuna mthunzi kapena chipatso m'zaka ziwiri kapena zitatu, puloti ndi yaing'ono, ndipo kumene madzi amagulidwa pa chigubu cha malita 20 palibe amene angathirire mombo kwa zaka zisanu osaona phindu. Chotsatira chake n'chakuti mzinda umene umaphikira makala, kapena kuti malasha monga amanenera kuno, ochokera ku mitengo ya miombo, sulera mitengo ya miombo, ndipo ana ake amadya masuku osaudziwa msuku.

Chachiwiri ndi kalembera. Wolera mbande wa ku Kabanana amasunga mbiri ya zomera zake m'mutu. Amadziwa kuti mango awa nthanga yake inachokera ku Petauke, ndipo ndimu uyu anatenga kwa apongozi ake ku Chongwe. Mbiri yotere ndi yoona, koma imatha mwini wake akasamuka kapena akamwalira. Apa mbali ziwirizi zikhoza kuthandizana. Munda wosungira zomera ungapereke njere ndi tinthambi ta mitengo yodziwika chiyambi chake, monga misuku yaikazi yobereka msanga, pamodzi ndi njira zomeretsera njere zovuta. Olera mbande a m'makomboni angapereke manja aluso, mayina a zomera m'zinenero zawo, ndi njira yofikitsira mitengo ku masukulu, kumatchalitchi ndi m'mabwalo a nyumba. Nazale za m'midzi ya ku Mulanje zinaonetsa kuti mgwirizano wotere ndi wotheka.

7.0 Mawu Omaliza

M'nkhani ino taona kuti nazale imalandira zomera ndi kuzilemba, imameretsa njere zovuta, imachulukitsa zimene sizingamere, imakonzeratu zolowa m'malo mwa zokalamba, ndipo imabwezera kuthengo zimene zikutha. Taonanso kuti ntchitoyi imadalira dzina lolondola, ndi kuti Chinyanja chili ndi mawu okwanira kuifotokoza. Potsata zimenezi tikupereka maganizo atatu. Loyamba, chikwangwani cha mtengo uliwonse wa kuno kwathu m'minda yonga Munda Wanga chikhale ndi nambala, dzina la Chilatini ndi mayina a m'zinenero za m'dziko, ndipo chisonyeze chinenero cha dzina lililonse. Lachiwiri, wotola njere azilemba dzina la chomera monga momwe walimvera kwa eni dera, pamodzi ndi mudzi umene walimva, popanda kulikonza kuti lifanane ndi la m'buku. Lachitatu, madipatimenti a zinenero ndi a sayansi ya zomera agwirizane kulemba kabuku ka ntchito ya nazale m'Chinyanja, kogwiritsa ntchito mawu onga ali mu (1) ndi (2), kuti wolera mbande wa ku Kabanana ndi wantchito wa ku Chilanga aziwerenga malangizo amodzi. Ophunzira athu ofuna mitu ya kafukufuku angayambe ndi kusonkhanitsa mayina a mitengo kwa ogulitsa mbande a m'Lusaka, dzina lililonse limodzi ndi tsamba la mtengo wake.